Khofi wa fyuluta wa ku India wopepukirako

Achemwali, mwafunsa mmene mungapepukitsire khofi wa fyuluta wa kumwera kwa India poti amakulemerani m'mimba. Chomwe chimamukhuthalitsa kwambiri ndi chicory, muzu wokazinga n'kupera womwe amausakaniza ndi khofi. Mumzinda wa Chennai ambiri amamwa wosakaniza magawo 80 a khofi ndi 20 a chicory, ndiye inu gulani wa chicory wochepa. Thirani masupuni awiri a khofi m'kachitini ka pamwamba ka fyuluta kabowobowo kaja, osatsindira kwambiri, kenako madzi owira, n'kuvundikira mphindi 15. Akatha kudontha, thiraninso madzi ena. Wodontha kachiwiriyu ndi wofewa, ine ndimamukonda masana. Mkaka wothira m'khofiyu muusungunule ndi madzi pang'ono musanauwiritse, shuga theka la supuni basi. Koma kutsanulira uku ndi uku pakati pa kapu ndi dabara (kambale kachitsulo koyendera limodzi ndi kapuyo) musasiye, thovu lija lituluke.