Abusa afunsa: tiyambe ndi msonkhano wa Isitala kapena bizinesi ya mpingo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa abusa ena amene akuweta mpingo wa anthu osapitirira 40, kuwerenga ndi ana omwe. Akuti mpingowo watha zaka zingapo osakula, chopereka sichikwana ngakhale kulipira malo amene amapemphererapo, ndipo komiti yawo yagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, achititse msonkhano wachitsitsimutso wa masiku atatu pa Isitala, ndi mlaliki woitanidwa, zokuzira mawu zobwereka ndi zikwangwani. Chachiwiri, atenge ngongole ayambe bizinesi ya mpingo kuti phindu lake lizithandiza ntchito ya Mulungu. Akufunsa kuti ayambe ndi chiti, komanso ngati bizinesi ya mpingo si kusandutsa nyumba ya Atate kukhala msika.

Abusa, zikomo polemba mosabisa mawu. Inenso sindibisa.

Ziwirizi musaziyambe chaka chimodzi. Mwa anthu 40 aja, amene amasenzadi ntchito mukuwadziwa, ndipo mungawawerenge ndi zala. Omwewo ndiwo adzayala mipando pa Isitala, omwewo ndiwo adzaimba kwaya, omwewonso ndiwo mudzawaika mu komiti ya bizinesi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Yambani ndi Isitala, koma osati momwe komiti yanu yaikonzera.

Kuti Isitala ndi nthawi yabwino yoitanira anthu, izi sinditsutsa. Munthu amene wakana kangapo kubwera kutchalitchi amavomera mosavuta pa tsikuli, chifukwa sakuona ngati mukumukokera kuti alowe mpingo. Ndipo tsikulo silidzidzimutsa munthu. Mipingo yambiri imakumbukira kuuka kwa Ambuye Lamulungu loyamba pambuyo pa tsiku limene mwezi umaoneka wathunthu kumwamba, pa 21 Malichi kapena kutsogolo kwake, choncho Isitala imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Mu 2026 ndi pa 5 Epulo, mu 2027 ndi pa 28 Malichi. Palibe chifukwa choyambira kukonzekera kutatsala masabata awiri.

Vuto langa lili pa msonkhano waukuluwo. Tadzifunsani kuti amene amathamangira chikwangwani cha mlaliki wotchuka ndani. Kawirikawiri ndi Akhristu a mipingo ina amene amakonda misonkhano. Adzabwera, adzaimba, adzavina, tchalitchi chidzadzaza mpaka ena kuima panja, ndipo komiti idzajambula zithunzi. Lamulungu lotsatira adzabwerera kwa abusa awo, ndipo akhoza kutero, sanalakwe. Nanga mlendo weniweni uja, amene sapita kutchalitchi kulikonse? Iye adzaona mlaliki wina, zoimbira zina, khamu lina. Akabweranso sabata inayo adzapeza inu, anthu 40 ndi mipando yopanda anthu. Mumtima adzangoti, kodi uja unali mpingo womwewu? Mudzakhala mutamusonyeza mpingo umene mulibe, pamene umene muli nawo, wa anthu odziwana mayina, ndi umene ukanamugwira mtima.

Choncho pa Isitala lalikirani nokha. Imbani ndi kwaya yanu yomweyo, ingoti ikonzekere bwino. Mapemphero ayambe pa nthawi imene mwalengeza ndipo atherenso pa nthawi yake, chifukwa mlendo amene mwamusunga maola anayi sabweranso, ngakhale ulaliki ukome bwanji.

Kuitana kwake kukhale kwa pakamwa. Pa Yohane 1, Filipo sanamutsutse Natanayeli pamene ankanyoza za ku Nazarete, anangomuuza kuti abwere adzaone. Kutatsala masabata asanu ndi limodzi, Mkhristu aliyense alembe mayina atatu a anthu amene amawadziwa ndipo sapemphera kulikonse: mnansi, mnzake wa kuntchito, mlamu wake. Awapempherere mowatchula mayina, awaitane yekha, ndipo tsikulo akawatenge, abwere nawo, akhale nawo pampando umodzi. Anthu akuluakulu 25 akaitana atatu aliyense, ndi anthu 75. Ngakhale atabwera 15 okha, amenewo ndi anthu amene ali kale ndi mnzawo mumpingomo. Ndipo chonde musawaimiritse kutsogolo kuti adzifotokoze mbiri yawo yonse pamaso pa gulu. Ena amachita manyazi kwambiri moti sabwereranso. Musalengezenso za thumba la zomangamanga tsikulo. Dikirani.

Tsopano pofika pa chimene ndikufuna mugwiritsitse. Mipingo yambiri imatopa pofika Lamulungu la Isitala, ndipo sabata yotsatira abusa amapuma, kwaya imapuma, aliyense amapuma. Komatu ntchito yokulitsa mpingo imayamba Lolemba limenelo. Werenganinso mitu yomaliza ya Uthenga Wabwino muone mmene Ambuye anagwiritsira ntchito masiku otsatira kuuka kwawo. Sanaitanitse khamu pabwalo la Kachisi. Anayenda ndi anthu awiri okhumudwa panjira ya ku Emau mpaka kukakhala nawo patebulo. Anabwereranso patatha sabata chifukwa cha Tomasi mmodzi amene ankakayika. Anakapeza Petro kunyanja n'kumufunsa katatu. Masiku 40 amene ankaonekera atauka kwa akufa anathera makamaka pa anthu ochepa. Machitidwe 1:15 akuti anali ngati 120 pamene ankasonkhana ku Yerusalemu. Timakonda kulalikira za anthu 3,000 amene anabatizidwa pa Pentekoste, koma mavesi otsatira ndiwo amafotokoza chimene chinawasunga: ankaphunzira, ankasonkhana m'nyumba zawo, ankadya pamodzi, ankathandizana pa zosowa.

Kuchokera pa Isitala kufika pa Pentekoste pali masabata asanu ndi awiri. Akonzeni masabata amenewo mosamala kuposa mmene mungakonzere masiku atatu aja. Mlendo aliyense amene walola kupereka nambala yake ayenderedwe sabata yoyamba isanathe, ndipo amuyendere ndi munthu amene anamuitana uja pamodzi ndi mkulu wampingo mmodzi. Musapite nokha kulikonse, abusa, mungafe ndi ntchito, komanso anthu angazolowere kuti mpingo ndi inu. Ulaliki wa Malamulungu asanu ndi awiriwo ukhale wolumikizana, kuti munthu akhale ndi chifukwa chobwereranso. Pakati pa sabata, m'nyumba ziwiri kapena zitatu mukhale timagulu tophunzira Mawu pomwe munthu watsopano angafunse funso lililonse osasekedwa.

Za timagulu timeneti pali nkhani imene ikukhudzanso vuto lanu la ndalama. Mu 1742, gulu la mlaliki John Wesley ku Bristol, m'dziko la England, linali ndi ngongole ya nyumba imene ankalalikiramo. Anagwirizana kugawa anthu m'magulu a anthu pafupifupi 12, mtsogoleri aliyense aziyendera anthu ake sabata ndi sabata kukatenga peni imodzi. Poyenda m'makomomo atsogoleri aja anayamba kudziwa amene akudwala, amene abwerera m'mbuyo, amene ali pa mkangano. Wesley anaona kuti apeza chinthu chachikulu kuposa ndalama, ndipo magulu amenewa ndiwo anakhala msana wa mpingo wa Methodist. Anayamba ndi ngongole, koma sanaithetse ndi ngongole ina. Anaithetsa poyenderana.

Tibwere ku bizinesi. Kodi ndi tchimo? Ayi. Chimene Ambuye anakwiya nacho pa Yohane 2, nthawi ya Paskha yomweyo, chinali malonda olowa m'malo opemphereramo ndi kudyera anthu obwera kudzapembedza masuku pamutu. Malonda pawokha sanawatsutse. Paulo ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, ndipo anakumbutsa Atesalonika kuti ankagwira ntchito usiku ndi usana kuti asalemetse munthu. Lidiya wa ku Tiyatira ankagulitsa nsalu zofiirira zamtengo wapatali, ndipo abale a ku Filipi ankasonkhana m'nyumba mwake. Koma taonani bwino: mahema anali a Paulo ndi anzake, nsalu zinali za Lidiya. Mpingo unapindula ndi ntchito za manja a anthu ake, koma sunali mwini sitolo. Ngakhale Akhristu a mpingo wa Moravian a ku Herrnhut, ku Germany, mudzi wa anthu mazana ochepa, potumiza amishonale awo oyamba ku chilumba cha St Thomas, ku nyanja ya Caribbean, mu 1732 anatumiza Leonhard Dober woumba mbiya ndi David Nitschmann kalipentala, kuti akadzidyetse ndi luso lawo. Chaka chomwecho anyamata a m'mudzimo anapita kumanda m'bandakucha wa Isitala kukaimba nyimbo za kuuka kwa akufa, ndipo mwambo wa mapemphero a m'bandakucha unafalikira kuchokera pamenepo.

Ndiye langizo langa ndi lakuti mpingo wa anthu 40 uyambe ndi kulimbikitsa mabizinesi amene Akhristu ake ali nawo kale. Mwina muli ndi telala, makaniko, wometa, wogulitsa zinthu pamsika. Asonkhanitseni kamodzi pamwezi. Aphunzitsane kulemba zolowa ndi zotuluka, kusiyanitsa mpamba ndi phindu, kusadya mpamba, kubweza ngongole pa tsiku lake. Pamenepo ndi pomwe chikhulupiriro chimalowa mu bizinesi, osati polemba vesi pachitseko. Ine sitolo yokhala ndi dzina la m'Baibulo koma sikelo yake yokhota imandinyansa kuposa ya munthu wosapemphera. Miyambo 11:1 akuti sikelo yonyenga imanyansa Yehova. Levitiko 19:13 amaletsa kugona ndi malipiro a wantchito mpaka m'mawa, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro obedwawo amafuula. Lamulo la amonke la Benedict, la zaka za m'ma 500, linkanena kuti zinthu zopangidwa ndi amonke zizigulitsidwa motsikirapo pang'ono kuposa mtengo wa anthu akunja, kuopa dyera. Makaniko amene sanamiza kasitomala kuti wasintha chitsulo chimene sanasinthe, akadzamuitana kasitomalayo ku Isitala, mawu ake amakhala ndi kulemera. Apa ndi pamene mafunso anu awiri akukumana. Komanso anthu anu akamapeza bwino, chopereka chimakwera chokha popanda kuwakalipira paguwa.

Ngati patatha chaka mudzaonabe kuti mpingo ukufunika bizinesi yakeyake, pali zinthu zimene simuyenera kunyengerera. Thumba la bizinesi lisiyane ndi thumba la chopereka, akaunti yake ya kubanki ikhale ina, buku lake lina. Osaina akhale awiri kapena atatu amene si a banja limodzi, ndipo inu abusa musakhale mmodzi wa iwo, akunyumba kwanunso ayi. Sikuti ndikukukayikirani. Paulo yemwe, posonkhanitsa thandizo la oyera mtima a ku Yerusalemu, anafuna kuti ndalamazo ziyende pamodzi ndi abale osankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunena. Werengani 2 Akorinto 8:18-21. Atumwi nawonso pa Machitidwe 6 anasiyira amuna asanu ndi awiri ntchito yogawa thandizo madandaulo atangoyamba. Bungwe la amishonale la Basel Mission, la ku Switzerland, litaona kuti malonda ake akukula, mu 1859 linakhazikitsa kampani yapadera yoyendetsa malondawo, m'malo mowasiya m'manja mwa alaliki. Woyendetsa bizinesiyo azilandira malipiro, chifukwa wodzipereka chabe simungamufunse za kuchedwa kapena za katundu wosowa popanda kuyambana naye. Lembetsani bizinesiyo monga malamulo a boma afunira, lipirani msonkho, ndipo miyezi itatu iliyonse msungichuma aziwerenga lipoti pamaso pa mpingo wonse, malisiti ali patebulo.

Chimene chimapha msanga mabizinesi a mipingo, mwa kuona kwanga, ndi mawu akuti "ndi zathu zomwe". Mkulu wampingo atenga katundu pangongole, wa kwaya atenganso, ndipo palibe amene angalimbe mtima kukalonjerera ngongole kwa munthu amene mawa adzagawa Mgonero. Wangongoleyo akayamba kuchita manyazi amasiya kubwera kutchalitchi. Mwataya ndalama, mwatayanso Mkhristu ndi banja lake. Lamulo loletsa ngongole lilembedwe bizinesi isanatsegulidwe, ndipo woyamba kulimvera akhale inu.

Musagwiritsenso bizinesi ngati nyambo. Mukangolengeza kuti olowa mpingo adzapeza ntchito kapena mpamba, mipando idzadzaza, koma Ambuye anawauza poyera anthu amene anawatsatira kutsidya la nyanja kuti akuwafunira mkate umene anadya, osati zizindikiro zimene anaona. Wosowa muthandizeni chifukwa ndi wosowa, kaya alowe mpingo kaya asalowe.

Za ngongole yoyambira bizinesi ija, yankho langa ndi lakuti ayi. Mpingo umene ukulephera kulipira malo opemphereramo ulibe pochokera ndalama yobwezera mwezi ndi mwezi, ndipo bizinesi yatsopano imatenga nthawi isanayambe kubala. Miyezi yoyamba chiwongoladzanja chidzatuluka m'mbale ya chopereka, ndipo ulaliki wanu udzayamba kupendekera ku ndalama, inu osazindikira, anthu n'kumamva. Pa Luka 14:28 womanga nsanja amayamba wakhala pansi n'kuwerengera. Khalani pansi ndi komiti yanu, mulembe ndalama zonse zimene mukanawononga pa mlaliki woitanidwa, zokuzira mawu ndi zikwangwani. Gawo lina ligule Mabaibulo a alendo amene adzakhalebe mpaka Pentekoste. Lotsalalo lisungidwe ku akaunti yapadera, ndipo ngati mudzayambe bizinesi chaka chamawa, mpamba wake ukhale umenewo ndi zimene mudzawonjezerepo, ndalama zoti ngakhale zitatayika zonse, mpingo udzatsegulabe chitseko Lamulungu lotsatira.

Ndilembereninso Pentekoste ikapita. Mundiuze kuti mwa alendo aja ndi angati amene akubwerabe, ndi amene akuwayendera.