Makolo sabwera kumsonkhano wa kalasi yanga, nditani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wa Sitandade 3 pasukulu ina ya boma chakumadera a Area 25, mumzinda wa Lilongwe. Mwachidule akuti: "M'kalasi mwanga muli ana 118. Ambiri sanayambe kuwerenga Chichewa bwinobwino, kujomba ndiye kosanena. Teremu yatha ndinaitana makolo, anabwera 14 okha, ndipo asanakhale n'komwe pansi bambo wina anafunsa kuti, 'Ndi zingati ulendo uno?' Ahedi amatiuza kuti tizigwira ntchito limodzi ndi makolo. Nanga ndigwira nawo bwanji anthu oti sabwera?"

Zikomo aphunzitsi polemba. Funso la bambo aja musalitaye, chifukwa gwero la vuto lanu lili momwemo. Kholo limaitanidwa kusukulu kawirikawiri pa nkhani ziwiri: ndalama kapena mlandu wa mwana. Ndiye taganizirani mayi wogulitsa tomato amene amakaoda m'bandakucha, kapena bambo wa kabaza amene m'mawa ndi pamene amapha makwacha. Kubwera kwa inu 8 koloko ndi kutaya ndiwo za tsiku limenelo, kuti akamve zoti alipire kapena kuti mwana wawo ndi wopulupudza. Akakhala osabwera si kuti sakonda mwana ayi. Awerengera, ndipo masamu awo ndi olondola.

Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makolo ambiri anamva kuti sukulu tsopano ndi ya boma, ndipo gawo lomwe linawatsalira linali kuumba njerwa, kututa mchenga ndi kusonkha za mlonda. Za m'kalasi palibe anawaitanira. Choti musinthe inu ndi chifukwa chimene kholo limamvera dzina lanu.

Poyambira ndi kudziwa amene mukumutchula kuti kholo. Mwa ana 118 amenewo, ena akukhala ndi agogo, ena kwa azakhali kapena amalume, ena mayi ali ku Johannesburg ndipo pakhomo akulera ndi mchemwali wawo wa Fomu 2. Gulani kope limodzi lolimba, mulembe mizati isanu: dzina la mwana, amene amagona naye nyumba imodzi, nambala ya foni, nambala ina yapadera ngakhale ya aneba, ndi malo odziwika pafupi ndi kwawo monga chigayo, mjigo kapena tchalitchi. Ana khumi pa tsiku, m'masiku 12 mwamaliza. Ana a msinkhu uwu ambiri sasunga nambala pamutu, choncho apatseni kapepala kakalembedwe kunyumba. Kopelo muzilikonzanso teremu iliyonse, pakuti anthu a lendi amasamuka lendi ikakwera, ndipo nambala zimafa foni ikabedwa.

Mukatero, musathamangire kuitanitsa msonkhano. Yambani ndi uthenga wabwino. Tsiku lililonse sankhani ana atatu, mutumize meseji yaifupi kwa owalera, kapena kalembeni m'kope la mwanayo. Ana atatu pa tsiku ndi 15 pa sabata, masabata asanu ndi atatu mwazungulira kalasi yonse. Uthengawo uzitchula chinthu chenicheni, osati "mwana wanu akuchita bwino". Mwachitsanzo: "Moni amayi. Ndine mphunzitsi wa mwana wanu. Lero wawerenga yekha mawu asanu patsamba 12. Mumufunse akuwerengereni madzulo ano." Kwa mwana amene sakuwerenga n'komwe, chabwino chilipobe: wabwera sabata yonse osajomba, wasesa m'kalasi, kope lake ndi laukhondo. Musaname, koma fufuzani mpaka muchipeze. Ena adzakuimbirani ali ndi mantha kufunsa kuti walakwanji, poti sanalandirepo uthenga wa kusukulu wopanda mlandu.

Msonkhanowo ukafika, ukhale wa kalasi yanu yokha, ndipo muugawe. Makolo 118 m'chipinda chimodzi ndi msonkhano wa chipani, palibe amene angatsegule pakamwa za mwana wake. Magulu anayi a anthu pafupifupi 30 ndi abwino, ndipo agaweni potengera kumene amakhala kuti aziitanizana panjira. Nthawi musasankhe nokha. Loweruka a Seventh Day ali kutchalitchi, Lachisanu masana Asilamu ali kumzikiti, m'mawa wapakati pa sabata amalonda ali pamsika. Lamulungu cha m'ma 3 koloko masana limakomera ambiri, koma funsani anthu asanu kapena khumi kaye. Mvula yoyamba ikagwa, kumbukirani kuti anthu ambiri a m'tauni muno ali ndi minda kunja kwa mzinda, ndiye masabata obzala ndi othira feteleza muwasiye.

Kalata yoitanira inene zinthu zitatu: nthawi yoyambira, nthawi yomalizira, ndi mawu akuti "Sitikambirana za ndalama." Kapepala kopatsira mwana pakokha sikakwanira. Mwana amene akuopa kuti mukamunenera amakang'amba panjira, wina amakulungira chitumbuwa. Onjezani meseji, ndipo pemphani ahedi kuti uthenga upite kwa mfumu ya dera ndi m'mipingo yozungulira. Lonjezo la ndalama lija mulisunge ndithu. Wa komiti akangoimirira pamapeto n'kunena kuti "tisanabalalike, pali kankhani kakang'ono ka chimbudzi", mwataya anthuwo chaka chonse.

Mphindi 45 zikwana. Pemphero ndi malonje zitenge mphindi zisanu. Kenako onetsani, musalalikire: itanani mwana mmodzi amene wavomera, awerenge, inu mukhale pambali pake monga momwe mukufunira kuti kholo lizikhalira kunyumba. Mphindi 15 zotsatira kholo lililonse likhale ndi mwana wake ndi buku, ayesere pompo, inu mukuzungulira. Zotsalazo alankhule ndi iwo. Afunseni chimene chimalepheretsa mwana kufika pa nthawi yake, ndipo lembani zimene akunena iwo akuona. Zinthu ziwiri musachite: kuwerenga pagulu kuti uyu anali nambala wani, uyu anatsekera kumapeto, ndi kuponyamo Chingerezi chambiri. Gogo amene sanapite patali ndi sukulu akachita manyazi kamodzi sabweranso.

Tsopano ntchito yeniyeni imene mukuwapatsa, pakuti apa ndi pamene sukulu zambiri zimaphonya. Timawauza kuti "muzilimbikitsa ana", mawu opanda chogwirika. Inu pemphani chinthu chimodzi: mphindi 15 tsiku lililonse, mwana awerenge mokweza, wamkulu akumvetsera. Zichitike kusanade, mwana akangodya nsima ya masana kapena amayi akusadzula ndiwo zamadzulo, chifukwa usiku magetsi amathima ndipo kandulo ndi ndalama. Kumapeto kwa kope mwana ajambule timabokosi tisanu pa sabata, wamkulu azichonga kapena kulemba kamtanda akamvetsera.

Wina adzati, "Ine sinditha kuwerenga, ndimuthandiza bwanji?" Muyankheni kuti ntchito yake ilipo itatu. Aone ngati chala cha mwana chikuyenda pansi pa mawu. Akamaliza, amuuze atseke buku afotokoze zimene wawerenga. Ndipo nthawi zina aloze liwu la pansi pa tsamba, kapena la pakati, kuti mwana alitchule, chifukwa ana ambiri amaloweza tsamba lonse ngati nyimbo ya ku Sande sukulu ndipo amaoneka ngati akuwerenga pomwe maso ali kudenga. Mwana akamakakamira pa liwu lolozedwa mwadzidzidzi, khololo likuuzeni. Limenelo ndi lipoti lofunika kuposa mayeso a pakutha pa teremu.

Zosokonekera zilipo, ndipo ndi bwino kuzitchula pamsonkhano zisanachitike. Choyamba ndi chikwapu. Kholo lina likamva mwana akulakwitsa limakwiya, mwana n'kuyamba kubisa buku. Auzeni kuti mwana akakakamira awerengere chamumtima mpaka kasanu, amuuze ayesenso, zikakanika alumphe apitirize. Chachiwiri ndi mkulu wake wa Sitandade 7 amene amangomulembera ntchito yakunyumba kuti apite kukasewera msanga. Zolemba zokongola kunyumba koma zokhotakhota m'kalasi, ndi chizindikiro chake chimenecho. Chachitatu ndi kaphunzitsidwe. Makolo ambiri anaphunzira kutchula mayina a malembo m'Chingerezi, "ei, bi, si", pomwe chiyambire National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsira ana kuwerenga, mu 2016 ana amayamba ndi maliwu a malembo, n'kuwalumikiza kukhala maphatikizo, ma, me, mi, mo, mu, kenako mawu. Kholo likamaphunzitsa njira yakale mwana amasokonezeka. Ziwonetseni pabolodi kwa mphindi zitatu zokha, adzamva.

Nanga mabuku akakhala ochepa? Ngati ahedi alola kuti azipita kunyumba, lembani kaundula wobwereka, buku lililonse likhale ndi nambala, likutidwe, ndipo nyengo ya mvula liziyenda mu jumbo. Ngati sakwanira, lembani pabolodi mawu asanu ndi ziganizo ziwiri, ana akopere, zimenezo ndizo akawerenge kunyumba. Timabokosi tija simungathe kutiona tonse tsiku limodzi. Onani makope 24 pa tsiku, pofika Lachisanu mwaona onse.

Za kujomba, gwirizanani ndi makolo lamulo la masiku atatu. Tsiku loyamba funsani anzake oyandikana naye nyumba. Tsiku lachiwiri tumizani meseji. Tsiku lachitatu nkhani ipite kwa amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'deralo lothandiza pasukulu, akamuyendere. Mawu oyamba akhale akuti "Mwana tamusowa, ali bwanji?" osati "Bwanji simukumutumiza kusukulu?" Zifukwa zimasiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Wina akudwala malungo, wina akulera khanda mayi ali kuganyu, wina akugulitsa mandasi, wina kope latha ndipo akuopa kubwezedwa, wina amanyamuka kunyumba bwinobwino n'kukathera kumavidiyo. Wa kumavidiyoyu makolo ake nthawi zambiri sadziwa n'komwe, ndipo meseji yanu imodzi imathetsa nkhani. Januwale ndi Febuluwale yembekezerani kujomba kwa njala. Ngati pasukulu panu pamaphikidwa phala, onetsetsani kuti makolo akudziwa nthawi yake. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza, koma kuopseza nalo mayi amene sanadye dzulo sikubweza mwana m'kalasi. Mukakayikira kuti kunyumba kuli nkhanza, musaisenze nokha nkhaniyo: auzeni ahedi, ipite kwa oteteza ana a ofesi ya zachisamaliro cha anthu kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala ya foni yothandiza ana, 116, ndi yaulere.

Makomiti a pasukulu muwagwiritse ntchito, koma aliyense pa gawo lake. School Management Committee imayang'anira kayendetsedwe ka sukulu ndi ndalama zimene boma limatumiza zotukulira sukulu. PTA ndi bwalo la makolo ndi aphunzitsi. Mother Group ndiyo miyendo yofika m'makomo. Inu ndalama za makolo musazigwire m'manja. Mphunzitsi amene amatolera ndalama m'mawa sangakhale bwenzi la kholo masana. Pakakhala chopereka chimene makolo agwirizana, atolere a komiti, apereke lisiti, ndipo zolowa ndi zotuluka zimatidwe pakhoma la ofesi. Mwana asabwezedwe pageti chifukwa cha ngongole ya akuluakulu. Chimodzimodzinso patitayimu: ngati mumaphunzitsa ana ena molipiritsa masana, musaitchule pamsonkhanowu, apo ayi zonse mwanenazi zidzaoneka ngati kutsatsa malonda.

Gulu la WhatsApp ndi lothandiza kwa amene ali ndi foni zake ndi bando, amene si onse. Mukalitsegula, likhale loti olemba ndi inu ndi makolo awiri osankhidwa, apo ayi pakutha pa sabata mudzadzaza maliro, malonda a zitenje ndi ndale. Dzina la mwana wolephera kapena wolakwa lisalembedwemo. Ndipo uthenga uliwonse wofunika upitenso papepala.

Abambo nawo muwaitane mwa dzina lawo. Kalata yongoti "kwa makolo" imathera m'manja mwa amayi. Meseji yopita pa nambala ya bambo yoti "mwana wanu akufuna akuwerengereni inuyo" imagwira mtima mwa njira ina.

Musayembekeze anthu 118, ngakhale mutachita zonsezi. Chimene mungawerenge pakutha pa teremu ndi ichi: makope angati ali ndi timabokosi tochongedwa, ana angati anajomba masiku oposa atatu osadziwika kumene ali, ndi angati amene akuwerenga ziganizo amene sankatha mu Seputembala. Manambala amenewa muwauze makolo pamsonkhano wotsatira, muwapatsenso ahedi kuti a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, akabwera kudzayendera akaone.

Makolo 14 anabwera aja mayina awo muli nawo? Ayimbireni sabata ino muwathokoze, kenako pemphani aliyense adzabwere ndi aneba awiri amene ana awo ali m'kalasi mwanu. Amenewo ndi anthu 42, gulu loyamba lakwana kale ndi kutsala. Bambo anafunsa za ndalama aja mukawapeza pafoni, ayambe ndi iwowo kumva zimene mwana wawo wawerenga lero.