Mafunso a Owerenga: Moyo ndi Ntchito ya Tendai Mtawarira pa Bwalo la Rugby

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito ku Durban, ndipo anzanga akayamba kukamba za rugby sachedwa kutchula munthu wina amene amamutcha kuti Beast. Mmodzi mwa iwo adandiuza kuti munthuyu si mbadwa ya South Africa, koma ndi wa ku Zimbabwe. Kodi ndi zoona, nanga zidatheka bwanji kuti asewerere dziko la eni kwa zaka zonsezo? (Bambo wa ku Mangochi, wokhala ku Durban)

YANKHO: Bambo, amene adakuuzaniyo sadaname. Dzina lake ndi Tendai Mtawarira, ndipo adabadwira ku Harare pa 1 Ogasiti 1985. Adaphunzira pa sukulu ya Churchill mumzinda womwewo, kenaka pa Peterhouse, kufupi ndi Marondera, ndipo atamaliza sukulu adapita ku Durban kukalowa m'gulu la achinyamata amene timu ya Sharks imawasula kuti adzakhale osewera olipidwa. Ku Zimbabwe rugby ndi yamphamvu m'sukulu zina za sekondale, koma mnyamata akatuluka pasukulu sapeza ligi yoti ingamudyetse, choncho ambiri aluso amawoloka Limpopo kapena kupita kutsidya kwa nyanja. Ndi njira yomweyo imene Tonderai Chavhanga ndi Brian Mujati adadzera mpaka kuvala yunifolomu ya Springboks, timu ya rugby ya dziko la South Africa.

Malamulo a bungwe loyendetsa rugby padziko lonse safunsa pasipoti. Munthu amaloledwa kusewerera dziko limene adabadwira, limene kholo kapena agogo ake adabadwira, kapena limene wakhalamo kwa nthawi yoikika, imene pa nthawiyo idali zaka zitatu koma pambuyo pake idakwezedwa kufika pa zisanu. Potengera lamuloli, Mtawarira adasewerera Springboks koyamba pa 14 Juni 2008 pokumana ndi Wales ku Pretoria. Mkangano udabuka chakumapeto kwa 2009, pamene unduna wa zamasewero ndi phungu wina wa nyumba ya malamulo, Butana Komphela, adaumirira kuti munthu amene si nzika sayenera kuimira South Africa. Zimenezi zidamuchititsa kukhala panja pa masewero a timu ya dziko m'mwezi wa Juni 2010, kufikira pamene nduna ya zam'dziko ya nthawiyo, Nkosazana Dlamini-Zuma, idalengeza chakumapeto kwa mwezi womwewo kuti wapatsidwa unzika. Inu amene mumadziwa mmene nkhani za mapepala zimavutira kumeneko mukhoza kumvetsa kuti ngakhale munthu amene bwalo lonse la Kings Park, kwawo kwa Sharks ku Durban, linkafuula dzina lake sadapulumuke ku funso lakuti kwanu ndi kuti.

FUNSO: Ine ndazolowera mpira wamiyendo, kumene katswiri timamudziwa ndi zigoli. Ndamva kuti Mtawarira adagoletsa kawiri kokha m'masewero onse amene adasewerera South Africa. Nanga kutchuka konseku kudachokera pati? (Mphunzitsi wa ku Chipata)

YANKHO: Aphunzitsi, chiwerengero chimene mwamvacho ndi cholondola: m'masewero 117 adagoletsa try (kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani) kawiri, kutanthauza mapointi 10 okha. Koma kumuyeza ndi zigoli n'kumulakwira, chifukwa ntchito imene adalembedwera idali ina. Timu ya rugby imakhala ndi osewera 15, ndipo asanu ndi atatu mwa iwo, akakhala kuti mpira waimitsidwa pa cholakwa chaching'ono, amakolekerana mapewa n'kukankhana ndi asanu ndi atatu a mbali inayo polimbirana mpira. Kukankhana kumeneku ndiye scrum. Kutsogolo kwake kumaima anthu atatu, ndipo awiri a m'mbali amatchedwa ma prop, omwe ali ngati mizati ya nkhokwe, pakuti umodzi ukapendekeka zonse zili pamwamba zimagwa. Mtawarira ankavala nambala 1, prop wa kumanzere, amene ntchito yake ndi kulowa pansi pa chifuwa cha mdani wake, kusunga msana wowongoka ndi kumubweza m'mbuyo mpaka woyimbira apereke penate. Penate yoponyedwa bwino imabweretsa mapointi 3, ndipo dzina limene limalembedwa ndi la woponyayo, osati la amene adaikhetsera thukuta.

Chodabwitsa n'chakuti malo amenewa sadali ake poyamba. Kusukulu ankasewera kumbuyo kwa scrum, malo a anthu othamanga ndi mpira, ndipo adali mphunzitsi wa Sharks, Dick Muir, amene adamuuza kuti tsogolo lake lili pa prop. Kusintha kotere n'kovuta kwa munthu amene wakula kale, chifukwa luso la scrum limafuna khosi ndi msana zosulidwa kwa zaka, ndiponso kuphunzira machenjera amene sawoneka kwa munthu wokhala m'mipando ya owonerera. Adavomera, ndipo pofika 2007 adali kusewera mu Super Rugby, mpikisano umene pa nthawiyo udali wa matimu akuluakulu a ku South Africa, New Zealand ndi Australia.

Masewero awiri ndiwo amafotokoza bwino kutchuka kwake. Oyamba adachitika ku Durban pa 20 Juni 2009, pamene British and Irish Lions, timu yosankhidwa kuchokera ku England, Scotland, Wales ndi Ireland, idabwera ku South Africa. Moyang'anizana naye padali Phil Vickery, katswiri amene adapambana chikho cha dziko lonse ndi England mu 2003, koma mnyamata wa zaka 23 adamupinda mobwerezabwereza mpaka aphunzitsi a Lions adamutulutsa Vickery chigawo chachiwiri chitangoyamba. South Africa idapambana 26-21. Alipo a ku Britain amene mpaka lero amati woyimbira adalekerera Mtawarira kukankha mopingasa, ndipo mkangano wotere sutha pa nkhani ya scrum, pakuti ngakhale oyimbira sagwirizana nthawi zonse pa amene walakwa.

Achiwiri ndi fainolo ya chikho cha dziko lonse ku Yokohama, m'dziko la Japan, pa 2 Novembala 2019, pamene South Africa idakumana ndi England. England idataya prop wake Kyle Sinckler, amene adavulala m'mutu masewero atangoyamba, ndipo Dan Cole amene adalowa m'malo mwake adakumana ndi Mtawarira wa zaka 34. Scrum ya England idabwerera m'mbuyo kangapo, Handré Pollard wa South Africa adaponya mapenate asanu ndi limodzi, ndipo pamene Makazole Mapimpi ndi Cheslin Kolbe ankagoletsa chakumapeto, Mtawarira adali atatuluka kale. South Africa idapambana 32-12, ndipo kaputeni wake Siya Kolisi adakweza chikho. Maganizo athu ndi akuti masewero amenewo adapambanidwa m'chigawo choyamba, pa scrum, ngakhale kuti zithunzi zimene anthu amakumbukira ndi za awiri ogoletsawo.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna akuphunzira ku Harare ndipo wayamba rugby. Ndikaona mmene amagundirana ndimachita mantha. Kodi Mtawarira sadavulalepo, ndipo adatani atasiya kusewera? (Mayi wa ku Lilongwe)

YANKHO: Mayi, mantha anu ali ndi maziko, chifukwa rugby ndi masewero ogundana, ndipo kuvulala m'mutu, m'khosi ndi m'mapewa kumachitika. N'chifukwa chake malamulo a masiku ano amalamula kuti wosewera amene akuganiziridwa kuti wagwedezeka ubongo atuluke kukapimidwa, ndipo ndi bwino kufunsa akuluakulu a sukulu ya mwana wanu ngati amatsatira zimenezi komanso ngati pamakhala wachipatala pa tsiku la masewero. Chimene chidaopseza kwambiri ntchito ya Mtawarira lidali vuto la mtima umene unkagunda mosalongosoka, ndipo mu Novembala 2012 adabwerera kuchokera ku ulendo wa Springboks wa ku Ulaya kuti akalandire chithandizo. Adachira n'kupitiriza, moti pa 16 Juni 2018 adasewera masewero ake a nambala 100 pokumana ndi England ku Bloemfontein. Ku Super Rugby adasewerera timu imodzi yokha, Sharks, maulendo oposa 150, chinthu chosowa m'nyengo imene osewera ambiri a ku South Africa amatsata ndalama ku France, England ndi Japan.

Adalengeza zosiya kusewerera dziko patangopita masiku ochepa chichitikireni fainolo ya ku Yokohama. Mu 2020 adalowa timu ya Old Glory DC ya ku Washington, ku America, koma ligiyo idaimitsidwa msanga chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo kusewera kwake kudathera pomwepo. Kuchokera apo wakhala akuchita bizinesi ya zachitetezo ku South Africa, ndipo adakhazikitsa bungwe la The Beast Foundation limene limathandiza achinyamata kudzera m'masewero ndi maphunziro.

Mwana wanu akukula pa nthawi imene rugby ya ku Zimbabwe yadzukanso. Timu ya dzikolo, imene imatchedwa Sables, idasewera m'chikho cha dziko lonse mu 1987 ndi 1991, kenaka idasowa kwa zaka zoposa 30, koma mu Julayi 2025 idagonjetsa Namibia 30-28 ku Kampala ndi kudzigulira malo m'chikho cha 2027 chimene chidzachitikire ku Australia.