Crown ya madigiri 11 siichiritsa mfuti iliyonse

Achimwene, mwafunsa ngati mukadulitse kukamwa kwa mfuti yanu ya .30-06 kuti kukhale crown ya madigiri 11, kutanthauza nkhope ya kumapeto kwa mpope yodulidwa motsetserekera m'kati pa ngodya ya madigiri 11, popeza mfutiyo yayamba kumwaza zipolopolo pa mamita 100 ndipo wina wakuuzani kuti kadulidwe kameneka kamalasa bwino kuposa kena kalikonse. Musathamangire kwa mmisiri. Mtundu wa crown suwonjezera kwenikweni kulasa. Chimene chimawononga ndi crown yopendekeka kapena yobenthuka, kaya ndi ya mtundu wanji.

Crown ndi m'mphepete momwe mpope umathera, pamene mizere ya m'kati imasiyana ndi chipolopolo komaliza. Mu .30-06, chipolopolo cholemera magreni 180 chimatuluka pa liwiro la pafupifupi mamita 820 pa sekondi, chikuzungulira koposa ka 3,000 pa sekondi yomweyo ngati mizere yanu imapota kamodzi pa mainchi 10. Kumbuyo kwake kuli mpweya wotentha wa wonga umene ukufuna potulukira, ndipo tsinde la chipolopolo likangofika pakhomo, mpweyawo umaphulikira kunja mothamanga kuposa chipolopolocho. M'mphepete mukakhala mofanana kuzungulira konse, mpweya umatuluka nthawi imodzi mbali zonse ndipo chipolopolo chimapita chowongoka. Pakakhala kabala mbali imodzi, mpweya umayamba kuthawira pamenepo n'kukankha tsinde, monga chivundikiro cha poto wowira chimadzukira mbali imene nthunzi yapeza mpata. Chipolopolo chimachoka chikugwedeza mutu, ndipo kolasa kwake kumasuntha.

Ndiye mitundu yonseyi ndi ya chiyani? Kwambiri ndi yoteteza m'mphepete muja. Yafulati ndi yosavuta kuidula molondola koma ilibe chitetezo, ikagunda mwala yatha. Yobulungira, imene mumaiona pa mfuti zambiri zosakira monga Brno zakale, imabisa khomo pang'ono m'kati mwa chitsulo chokwera. Yolowa m'kati imakhala ndi mpanda wozungulira, ndipo kwa munthu wopita kuthengo ine ndimaikonda imeneyi. Ya madigiri 11 inatchuka ndi anthu owombera pa mpikisano, amene amati ngodya imeneyi imalola mpweya kufalikira bwino. Ndi yabwino, sindikuinyoza, koma mfuti za mpikisano zimalasa bwino chifukwa mmisiri anaika mpope pa makina osemera chitsulo a lathe n'kuulunjikitsa ndi pakati penipeni pa bowo asanadule. Crown ya madigiri 11 yodulidwa molunjika ndi kunja kwa mpope osati ndi bowo ikhoza kulephera kwa yafulati yodulidwa bwino.

Yambani mwaiona yanuyo. Chotsani magazini ndi bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope n'kutseka kumbuyo), mutsimikize kuti mulibe chipolopolo, kenaka muunike kukamwa ndi tochi ya foni ndi galasi lokulitsa. Mizere yonse ithere pakhomo ili yakuthwa mofanana. Tengani kathonje kotokosera m'makutu, kalowetseni pang'ono n'kukatulutsa mokhudza m'mphepete kuzungulira konse. Pamene ulusi ukodwe, pali kabala. Mukawombera kangapo musapukute msanga, yang'anani mwaye umene watsala pankhope ya mpope. Pa crown yabwino umaoneka ngati nyenyezi ya miyendo yofanana. Mwendo umodzi ukatalika kapena mbali ina ikasowa mwaye, mwalipeza vuto.

Chimene chimandiwawa n'chakuti crown zambiri timaziwononga tokha. Ulendo wopita ku Luangwa kapena ku Kafue, mfuti yaimikidwa mozondoka m'galimoto, kukamwa kukukhuta mchenga wa pansi msewu wonse. Ena amatsuka polowetsa ndodo yachitsulo kuchokera kutsogolo, ikukhula mbali imodzi chaka ndi chaka. Mfuti zambiri zakale za asilikali za .303 Lee-Enfield zinadyeka kukamwa ndi chingwe chotsukira chimene asilikali ankachikoka chopendekera. Chifukwa cha kudyeka kwa kukamwa, mfuti zina zakale za asilikali za Mosin-Nagant zinabooledwa kutsogolo kuti crown yatsopano ikhale m'kati, kupitirira pamene panadyeka. Mfuti ya bolt tsukirani kuchokera kumbuyo, ndipo ndodo ikatulukira kutsogolo musaikoke mwaukali. M'nyengo ya mvula matani katepi ka magetsi pakamwa kuti matope asalowe. Mpweya umakachotsa chipolopolo chisanafike.

Ngati kathonje sikakodwa ndipo mwaye uli bwino, isiyeni crown. Onani zomangira sikopu (galasi lolozera chandamale) ndi masikuluwu ogwirizitsa chitsulo ku thabwa, chifukwa misewu yathu imawamasula, komanso thabwa limafufuma ndi chinyezi cha January n'kuyamba kukankha mpope. Tsukani mkuwa wotsalira m'mizere. Kenaka yesani zipolopolo za bokosi limodzi, zisanu zisanu, mfuti itagona pa thumba la mchenga, mukudikira mpope uzizire.

Ikapezeka kuti yabenthukadi, musayese ndi fayilo kapena drill kunyumba. Pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti amene ali ndi chilolezo, mutatenga laisensi yanu, ndipo mumufunse ngati amalunjikitsa ndi bowo asanadule. Amangochotsa kachitsulo kochepa kwambiri, utali wa mpope susintha mooneka. Kolasa kwa mfuti kukhoza kusuntha pambuyo pake, choncho mukaikonzenso sikopu pa chandamale musanapite kukasaka.