Nandolo wathu ndi msika wa ku India: mafunso anu pa zamalonda

Funso: Zikomo a Mlangizi. Ndine mayi wa ku Migowi m'boma la Phalombe, ndimagula nandolo kwa alimi n'kumagulitsa ku makampani a ku Limbe. Chaka chino bambo wina wa ku Mumbai, ku India, wandipeza pa WhatsApp. Akufuna nditumize makontena awiri mwachindunji kwa iye, pa mtengo woposa wa ku Limbe, ndipo akuti ndalama adzatumiza katundu akafika. Anzanga a banki nkhonde avomera kundikongoza pang'ono, zotsalazo ndikufuna kukatenga kubanki, chikole n'kukhala nyumba yanga. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Mayi, nyumbayo musaiike pa chikole. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale mutatopa ndi kuwerenga, amenewa okha mukhale mwawamva.

Msikawo ulipodi, bamboyo sakunama pamenepo. Dziko la India lili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni, limalima nandolo wambiri kuposa dziko lina lililonse, koma sawakwanira. Amamusenda n'kumugawa pakati kukhala dal, ndiwo imene amadya tsiku ndi tsiku monga ife timadyera nyemba. Zigayo zikuluzikulu zili m'matauni ngati Latur, Akola ndi Kalaburagi, ndipo zikasowa nandolo wakwawo zimayang'ana ku Myanmar, Mozambique, Tanzania ndi kuno kwathu. Mu 2021 maboma a India ndi Malawi adasainirana mgwirizano wa zaka zisanu woti India azigula matani 50,000 a nandolo wathu chaka chilichonse.

Chimene chimapatsa nandolo wathu mtengo kumeneko ndi nyengo imene amafikira. Ife timakolola kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala. Iwo m'zigawo za Maharashtra ndi Karnataka amayamba kukolola cha mu Disembala. Pakatipa nkhokwe zawo zimakhala zitapepuka, komanso ndi nthawi ya zikondwerero monga Diwali pamene anthu amagula chakudya chambiri. Kontena yofika padoko la Nhava Sheva, pafupi ndi Mumbai, mu Okutobala imapeza ogula akudikira. Yofika mu Januwale imakumana ndi nandolo watsopano wa alimi akomweko, mtengo utatsika kale. Tsono taganizani, katundu wanu wachedwa masabata anayi padoko la Beira kapena Nacala chifukwa sitima yadzaza, kenako wafika ku Mumbai mtengo utagwa. Bambo uja sanalipirepo kanthu. Angonena kuti nandoloyu ndi wofumbwa, ndikupatsani theka. Mudzatani? Kontena ikakhala padoko kupyola masiku ololedwa, kampani ya sitima imalipiritsa tsiku ndi tsiku, m'madola. Kuibweza kuno n'kokwera mtengo kwambiri. Mudzavomera thekalo muli misozi m'maso, ngongole yakubanki ikudikira.

Pali chinanso chimene inu a ku Phalombe mukuchidziwa kuposa ine. Mvula itavuta ku India mu 2014 ndi 2015, dal adakwera mtengo koopsa ndipo ogula adakhamukira kuno. Alimi a ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba adawonjezera minda. Kenako India adakolola zochuluka, ndipo mu Ogasiti 2017 boma lawo lidalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapyole matani 200,000 pachaka. A ku Mozambique adapumirako chifukwa adali atasainirana kale mgwirizano wawo mu 2016. Ife tinalibe. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yokonza mapepala a katundu wotuluka ku Limbe, ndipo ndimakumbukira nyumba ina yosungiramo katundu imene matumba adaunjikidwa kufika kudenga. Ukayika khutu pathumba unkamva anankafumbwe akuchita phwete phwete m'katimo, pansi pali ufa woyera wogwa m'matumba. Eni katunduyo anali anthu ngati inu, ogula ndi ndalama zangongole. Chigamulo chimodzi cha ku New Delhi, likulu la India, chidawagwetsa onse tsiku limodzi. Chitseko chidatsegulidwanso mu 2021, koma boma la India limachita kuwonjezera nthawi pang'onopang'ono, likuyang'ana zokolola za alimi ake ndi mtengo wa dal m'misika yake. Alimi awo amavota, ife sitivota kumeneko.

Ngati mtima wanu uli pa kutumiza nokha, bamboyo muuzeni kuti mukufuna letter of credit yochokera kubanki yake, yotsimikizidwa kudzera kubanki yanu. Pamenepo amene walonjeza kulipira ndi banki, bola inu mupereke mapepala olondola. Akakana, apereke gawo la ndalama katundu asanachoke, zotsalazo alipire kubanki asanalandire bill of lading, pepala la kampani ya sitima losonyeza kuti katundu wakwezedwa, chifukwa wagwira pepala limeneli ndiye mwini katundu. Musamutumizire pepala lenilenilo ndi dzanja lanu ngakhale atalankhula mokoma bwanji. Mgwirizano ulembedwe: mtengo, chinyezi chololedwa, kuchuluka kwa zinyalala ndi njere zoboola, doko, tsiku lomaliza lokwezera, ndiponso amene alipire sitima ndi inshulansi. Ine ndimakonda kuti wongoyamba kumene agulitse pa FOB, udindo wake uzithera pomwe katundu wakwera sitima. Ndipo kampani yoyeza katundu ngati SGS iyeze nandoloyo kuno asanatsekedwe m'kontena, kuti mawu oti "ndi wofumbwa" adzakhale ndi pepala lowatsutsa. Wogula weniweni sakwiya ndi zimenezi, amazichita sabata iliyonse. Amene angayambe kunena kuti simukumukhulupirira, musiyeni.

Kuno kwathu mufunika kampani yolembetsedwa ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, chilolezo chotumizira katundu kunja chochokera ku Unduna wa Zamalonda, fomu ya CD1 yolengeza ndalama zakunja zimene mudzalandire, yodzera kubanki yanu, chikalata chosonyeza kuti katunduyo ndi wa ku Malawi, ndi chikalata cha zaumoyo wa mbewu chochokera ku Unduna wa Zaulimi. India ali ndi malamulo akeake a kathiridwe ka mankhwala ophera tizilombo m'katundu, choncho funsani wogula alembe m'mgwirizano mankhwala amene doko lawo likuvomera. Malamulo a ndalama zakunja nawo amasinthasintha. Pitani kubanki mukamve za chaka chino musanawerengere phindu, chifukwa madola amene mulandire sakhala onse m'manja mwanu momwe mungafunire.

Tiwerengenso katundu. Kontena yaing'ono imanyamula pafupifupi matani 24, kutanthauza matumba 480 a makilogalamu 50. Awiri ndi matumba 960, onse ouma bwino, opetedwa, ofanana maonekedwe. Inu mukudziwa mmene nandolo wa pasikelo amabwerera: wina wa Mthawajuni, wina wa Mwaiwathualimi, wina wonyowa, wina wothira mchenga pansi pathumba. Muli ndi posungira matumba onsewo osanyowa? Muli ndi kachipangizo koyezera chinyezi? Muli ndi ndalama zodikirira miyezi iwiri kapena itatu musanalandire kanthu? Mtengo wa bambo uja mukachotsapo matumba, opeta, mankhwala, lole yopita ku Limbe, ulendo wa kudoko, sitima, banki ndi chiwongoladzanja, mwina mupeza kuti kusiyana kwake ndi wa ku Limbe n'kochepa kuposa mmene ukuonekera pafoni.

Ndikanakhala inu, chaka chino ndikanapita kwa kampani imodzi mwa amene mumawagulitsa kale, n'kupempha mgwirizano wolemba wopereka matani angapo a nandolo wosankha bwino pa mtengo wokwererapo. Funsaninso ku ACE, bungwe loyendetsa msika wa zokolola, za kusunga katundu m'nyumba zovomerezeka n'kulandira lisiti lake, limene mabanki ena amalilandira ngati chikole m'malo mwa nyumba. Bambo wa ku Mumbai mutumizireni zitsanzo za kilogalamu imodzi kapena ziwiri, mupemphe dzina la kampani yake ndi nambala yake ya IEC imene aliyense woitanitsa katundu ku India amayenera kukhala nayo, n'kupita nazo ku MITC, bungwe la boma lolimbikitsa zamalonda, kapena ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe akuthandizeni kufufuza. Akakhala woona adzakhalapobe chaka chamawa, ndipo mudzayamba ndi kontena imodzi, mwina mogwirizana ndi anzanu awiri kapena atatu.

Funso: Ndine mlimi wa ku Neno. Ndamva kuti ku India anthu akulemera ndipo akudya kwambiri. Kodi ndisiye chimanga ndidzale nandolo munda wonse?

Yankho: Ayi bambo, pitirizani kumudzala m'mizere ya chimanga monga makolo ankachitira. Nandolo amabwezera chonde m'nthaka, amapirira ng'amba, mitengo yake ndi nkhuni, ndipo msika ukavuta mumadya ndithu. N'zoona kuti anthu a ku India akugula zambiri, koma boma lawo lalengeza poyera kuti likufuna dzikolo lizidzidalira pa mbewu za mtundu wa nyemba, ndipo chaka ndi chaka limakweza mtengo umene limagulira nandolo kwa alimi ake kuti alime wambiri. Chimene mungachite ndi kumvera nkhani za mvula ya kumeneko, imene imagwa kuyambira Juni mpaka Sepitembala. Ikagwa bwino, gulitsani msanga nandolo wanu akangouma, musasunge kudikira Disembala. Ikavuta, ogula adzakupezani okha, ndipo mukakhala pa kalabu n'kugulitsa pamodzi mudzatha kukana mtengo woyamba wa vendala.

Amene mwafunsa za soya wopita ku Zimbabwe ndi mtedza wopita ku Kenya, makalata anu ndalandira, tidzawayankha mwezi wamawa.