Za botolo la ku Soweto lija

Amayi, mwafunsa ngati alongo anu angasiye ma ARV n'kuyamba kumwa mankhwala a m'botolo omwe akugulitsidwa ku Soweto Market, msika wa ku Lusaka, poti wogulitsayo akuti amachotsa kachilombo m'masabata atatu ndipo ali ndi mavidiyo a anthu ochitira umboni. Chonde asasiye.

Zoterezi tinazionapo kale. Mu 1995 ku Machinga, ku Malawi, Billy Chisupe ananena kuti walota mankhwala a Edzi, anthu n'kukhamukira kumeneko kukamwa mankhwala akewo, otchedwa mchape. Mu 2011 zinabukanso ku Loliondo, ku Tanzania, ndi kapu ya mankhwala ya m'busa Mwasapile. Ambiri anabwerako akuti apeza bwino. Nanga omwe anataya mankhwala awo n'kutisiya patapita miyezi anawawerenga ndani? Wakumanda sajambula vidiyo.

Pali chinanso chomwe chimapusitsa ngakhale anthu oona mtima. Munthu akamamwa ma ARV mokhulupirika, kachilombo kamachepa m'magazi mpaka makina oyezera viral load osakaonanso. Ndiye tiyerekeze kuti wamwa botolo lija sabata ino, mawa lake wakayezetsa, pepala lati kachilombo sikakuoneka. Ulemu wonse upita kwa botolo, pomwe wagwira ntchito ndi mapiritsi aja. Kachilomboko sikanathe, kangobisala m'maselo ena a m'thupi, ndipo munthu akasiya kumwa, nthawi zambiri kamachulukanso m'masabata ochepa.

Sikuti ndikunyoza zitsamba ayi, inenso ndinakulira momwemo. Coartem yemwe timamwa tikadwala malungo gwero lake ndi chitsamba cha ku China, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala amenewo anayesedwa pa odwala ambiri, magazi akupimidwa, ochira ndi osachira akulembedwa onse, akatswiri a m'mayiko ena n'kubwereza okha kuti aone ngati zituluke chimodzimodzi.

Wa ku Sowetoyo mukamufunse ngati botolo lake linalembetsedwa ku ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ku Zambia, ndiponso kuti muli chiyani m'menemo. Akayamba zoti madokotala akumuchitira nsanje, dziwani kuti yankho alibe. Munthu atapezadi mankhwala ochiritsa HIV, bwenzi akugulitsira pa tebulo pafupi ndi tomato?

Ngati alongo anu agula kale, pitani nawo limodzi kukiliniki komwe amalandirira mankhwala, botololo mulinyamule anamwino akalione. Zitsamba zina zimafooketsa ma ARV m'thupi ngakhale munthu asanasiye kumwa.