Kujambula ndege zakale zankhondo ku Hendon

Mwafunsa mmene mungajambulire bwino ndege zakale zankhondo ku Royal Air Force Museum, malo osungirako ndege zakale za asilikali a ku Britain, ya ku Hendon, mumzinda wa London, imene inatsegulidwa mu 1972. Vuto lalikulu ndi kuchepa kwa kuwala m'nyumba zosungiramo ndegezo, choncho kwezani ISO (mlingo wa mmene kamera imalandirira kuwala) m'malo moyatsa flash (nyali ya kamera), chifukwa kuwala kwake kumanyezimira pa chitsulo ndi pa magalasi n'kuwononga chithunzi. Ndege ya Lancaster, imene mapiko ake amatambalala mamita 31, imafuna lenzi yoona malo aakulu, ndipo ine ndimakonda kuijambula nditagwada pafupi ndi mphuno yake kuti ukulu wake uonekere bwino. Mufike m'mawa anthu asanachuluke, ndipo muyambe mwafunsa ogwira ntchito ngati amalola tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu).